Kwa inu a kampani ya ma viza a ku UK: bwezani pasipoti yanga ndipo lekani kugulitsa ntchito yomwe inatsekedwa

Ndikulemba pano pagulu chifukwa ku inbox kwanu simuyankha, foni ikaitana mumadula, ndipo mtsikana wa pa desiki uja yankho lake ndi lomwelo tsiku lililonse, akuti abwana angotuluka kumene. Dzina la kampani sinditchula, mukudzidziwa nokha, ndipo anthu amene munawadyera ndalama ngati ine akuzindikirani akangowerenga mizere iwiri yoyambirira.

Abwana, munandilonjeza ntchito yosamalira okalamba ku UK, ya care worker ija mumailengeza pa Facebook ndi zithunzi za anthu akumwetulira pa bwalo la ndege. Munati ndilipire theka kuti fayilo itsegulidwe, ndinalipira, risiti ndili nayo. Tsiku lomwelo munandiuza kuti ndithamange ndikayezetse TB, ndikatenge kalata ya ku polisi, ndilembetse mayeso a Chingerezi, zonse nthawi imodzi chifukwa akuti CoS, Certificate of Sponsorship yomwe wolemba ntchito wa ku UK amapereka kuti upemphere viza, ituluka posachedwapa ndipo ochedwa asiyidwa. Chimene simunandiuze, ndipo ndi chimene chikundiwawa kwambiri kuposa ndalama, nchakuti pepala lililonse pa zimenezi lili ndi tsiku lake lothera. Setifiketi ya TB imagwira ntchito miyezi 6 yokha kuchokera tsiku lojambulidwa pachifuwa, ndipo iyenera kuchokera ku chipatala chomwe Home Office, unduna wa ku UK woona za ma viza, inavomereza, osati chipatala chilichonse. Mayeso a Chingerezi ndi zaka 2. Certificate of Sponsorship ikangoperekedwa uli ndi miyezi 3 yoti upemphe viza, ikadutsa basi yafa. Mapepala amenewa ndi moto wamapesi, ndiye munthu wodziwa ntchito amayamba waona kaye kuti wolemba ntchito alipodi, kenako nkumatumiza munthu ku x-ray. Inu munachita mosemphanitsa. TB yanga inathera m'drowa mwanu muja CoS isanaoneke, ndipo nditafunsa munangoti kayezetseninso, ngati kuti kuyezako nkwaulere.

Ndiye CoS ija itabwera mukukumbukira mmene inalili? Munanditumizira PDF pa WhatsApp usiku, dzina langa lolakwika chilembo chimodzi, tsiku loyamba ntchito litadutsa kale, nkundiuza kuti ndimalize kulipira theka lotsala mmawa wake kuti ndisaluze malo. Ine pepala lija ndinaliwerenga mobwereza ndipo mtima sunakhazikike, ndinapita pa gov.uk, webusaiti ya boma la UK, pomwe pali mndandanda wa makampani onse amene ali ndi chilolezo cholemba anthu ochokera kunja, umene aliyense atha kuutsegula osalipira kanthu, ndinasaka dzina la kampani yomwe munalemba ija m'njira zonse, mulibe. Nditakufunsani munakwiya, munati ndikukukayikirani, munati mndandandawo sasintha msanga. Chabwino, ndipatseni nambala ya laisensi yawo, ndipatseni imelo ya munthu amene akufuna kundilemba ntchito ndilankhule naye ndekha. Mpaka lero zii. Ntchito yanji yomwe bwana wake sanandionepo nkhope, sanandifunse ngakhale funso limodzi pa intaviyu? CoS si pepala lokongola lomwe munthu angalikonze pa kompyuta, ndi nambala yomwe ili mu sisitimu ya Home Office, ndipo ikakhala yabodza amene amapsa ndi ine wopempha viza, osati inu.

Komanso ndalama imene munkaitcha ya CoS ija munkaitengera chani? Malamulo a ku UK kuyambira pa 31 December 2024 amaletsa wolemba ntchito kumulipiritsa wantchito ndalama ya CoS. Ndiye ngati kampani ya kumeneko siloledwa kunditengera, inu munkatolerera ndani?

Pali zina ziwiri zomwe munandiuza muofesi mwanu zomwe ndikufuna anthu azimve, chifukwa ndikudziwa kuti simunauze ine ndekha. Choyamba nkhani ya ku banki. Lamulo limati munthu aonetse kuti ali ndi £1,270 yomwe yakhala mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsikako, ndipo tsiku la 28 lisapitirire masiku 31 pofika tsiku lopempha viza, pokhapokha ngati wolemba ntchito walemba pa CoS kuti akusamalira yekha mwezi woyamba. Inu munati musavutike, tili ndi munthu wathu amene amakonza sitetimenti, mungowonjezera kangachepe. Kenako kalata yosonyeza kuti ndinagwirapo ntchito yosamalira odwala, munati nayonso mupanga, chidindo chilipo kale. Ndinakana, ndipo munandiyang'ana ngati ndine wogona. Abwana, mukudziwa bwino lomwe kuti akakugwira ndi pepala labodza sikukanidwa viza kokha, atha kukuletsa kulowa ku UK mpaka zaka 10, ndipo mafomu a mayiko ambiri amafunsa ngati unakanidwapo viza kwina, ndiye chipsera chimenecho umayenda nacho kulikonse. Inu mumakhala mutadya kale zanu, mwana wa eni ake ndiye watsekeredwa zitseko. Mtima wanji umenewo?

Ndipo ndalama ya viza akakukana sabweza. Izinso simuuza anthu.

Tsopano chomwe chandipangitsa kuti ndilembe lero ndi post yanu yatsopano ija. Mukulengezabe kuti malo a care worker alipo, bwerani ndi banja lanu lonse, malo ndi ochepa fulumirani. Zoona? Kuyambira pa 11 March 2024 ma care worker atsopano saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana pa viza imeneyi. Ndipo kuyambira pa 22 July 2025 boma la UK linatsekeratu njira yolemba ma care worker kuchokera kunja, amene akuthandizidwabe ndi omwe ali kale mkati mwa dzikolo. Izi sizobisika, zinalengezedwa poyera, zili pa webusaiti ya boma lawo. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali nkhanza ndi chinyengo zomwe zinadzaza mu ntchito imeneyi, anthu kufika kumeneko ali ndi ngongole zothyola msana nkupeza kuti ntchito kulibe kapena maola ndi ochepa osakwanira ngakhale lendi, mpaka boma linalanda ziphaso zoposa 470 za makampani osamalira anthu pakati pa July 2022 ndi December 2024. Ndiye inu amene mumadzitcha akatswiri a ma viza, mwina simukudziwa zimenezi, kutanthauza kuti ntchito simukuidziwa, kapena mukudziwa koma mukutolerabe ndalama za anthu pa khomo lotseka. Sankhani nokha kuti ndi ziti. Pansi pa post imeneyo pali amayi ena akufunsa kuti kodi ana awiri alipira zingati, ndipo mwawayankha kuti bwerani ku inbox. Ine zinandiwawa nditaona, chifukwa ndikudziwa zomwe mukawauze kumeneko, ndi zomwe munandiuza ine.

Ndinalemba komenti yowachenjeza, munaifufuta pasanathe nthawi. Meseji yofunsa pasipoti yanga yokha ndiye simuiona.

Za pasipoti zomwezo. Munaitenga ponena kuti mukufuna kuisikana, nkuiika mu drowa momwe ndinaona ndi maso angawa mulu wa mapasipoti a anthu ena atamangidwa ndi labala, lililonse lili ndi kapepala ka dzina komata pachikuto. Kusikana kumatenga mphindi zingati? Palibe lamulo lililonse lomwe limati ejenti asunge pasipoti ya munthu, popita kukajambulitsa zala ndi nkhope munthu amapita nayo yekha m'manja. Mukuisunga kuti ndisapite kwina, kuti ndimalize kulipira ndalama ya ntchito yomwe kulibe. Chimodzimodzi imelo ija munanditsegulira nokha ponena kuti zanga zisasokonekere, pasiwedi muli nayo inu, ndiye sindikudziwa kuti munalembapo chani m'dzina langa, kaya munatumiza fomu kaya simunatumize, kaya munayankha zotani pa mafunso aja. Fomu ya viza amasainira ndi mwini wake kuti zonse zomwe zalembedwamo ndi zoona. Ngati munaikamo bodza lililonse ndiyenera kudziwa panopa, ndisanakapemphe viza ina kulikonse nkukapezeka kuti ndikutsutsana ndi zomwe sindinalembe ine.

Musandiuze kuti viza sitipereka ndife, amapereka ndi boma. Ndikudziwa, ndipo sindinakupempheni kuti mundipatse viza. Ndikanakanidwa mwachilungamo, mapepala onse ali enieni, ndikanapukusa mutu nkuvomereza, mwinanso ndikanapempha kuti aunikenso chigamulocho poti njira imeneyo ilipo. Chomwe ndinalipira kwa inu ndi uphungu, kuti mundiuze choyamba ndi ichi, chachiwiri ndi ichi, ichi dikirani kaye chingathe mphamvu, kampani iyi ndi yovomerezeka taonani umboni wake, lamulo ili lasintha ndiye tisapitirire. Zonsezi ndazidziwa ndekha pambuyo pake, ndikuwerenga pa foni usiku, zinthu zomwe zinalembedwa poyera kwaulere. Ndalama zomwe ndinakupatsani sizinali zotola, zina ndinachita kubwereka ndipo eni ake akundifunsa, kunyumba anthu anali atayamba kale kunditsanzika. Inu mukudziwa manyazi ake oyenda mumsewu anthu nkumakufunsa kuti kodi simunapitebe?

Ndiye zomwe ndikufuna ndi izi, ndipo ndikufuna yankho pompano pagulu osati bwerani ku inbox. Pasipoti yanga ndi setifiketi zanga zenizeni mundibwezere sabata ino, ndisapezenso kuti abwana atuluka, musiyireni mtsikana wa pa desiki uja andipatse. Pasiwedi ya imelo ija munditumizire pamodzi ndi kope ya chilichonse chomwe munatumiza m'dzina langa, ngati palibe chomwe munatumiza lembani choncho ndi siginecha yanu. Ndalama yomwe munaitcha ya CoS ibwere yonse, za kuyezetsa ndi mayeso ndaluza kale sindikuwerengera. Ndipo post ya care worker ija muichotse lero, muwauze anthu omwe alipira kale kuti njira imeneyi inatsekedwa, asanagulitse katundu wawo.

Ma risiti, ma voice note anu onse kuphatikizapo ija ya sitetimenti, ndi PDF ija ndasunga malo angapo. Sabata ikatha pasipoti isanafike m'manja mwanga ndikukasiya zonsezi ku polisi, ndipo ena omwe mapasipoti awo ali mu drowa muja amene mukuwerenga pano, ndilembereni tipitire limodzi.