Lipoti la msonkhano wokambirana za gasi wobisala m'miyala ya shale ndi ya mchenga wothinana

A Wapampando ndi mamembala anzanga, ndikuthokoza kuti munandituma kukaimira gulu lathu pa msonkhano wa akatswiri a miyala ku South Africa. Mfundo yaikulu imene ndabwera nayo ndi yakuti kukula kwa thanthwe sikunena kuchuluka kwa gasi amene angatulukemo, chifukwa nkhani yonse yagona pa timabowo tosaoneka ndi maso ta m'kati mwa mwala.

Akatswiriwo anatigwiritsa chidutswa cha shale (mwala wopangidwa ndi matope amene anauma n'kulimba kalekale) ya mtundu wotchedwa Whitehill, chochokera pansi pa chigwa cha Karoo ku South Africa komweko. Chinali chakuda bii, chosalala ngati sileti, ndipo dontho la madzi limene ndinathirapo linangokhala pamwamba osalowa. Koma chithunzi cha makina okuzira zinthu chinaonetsa kuti kerogen, yomwe ndi zotsalira za zamoyo zakalekale, imabooka ngati chisa cha njuchi. Akatswiri amagawa timabowoti patatu: tochepera mananomita 2 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), toyambira 2 mpaka 50, ndi toposa 50, pamene tsitsi la munthu limanenepa mananomita masauzande makumi angapo. M'timabowo tokulirapo gasi amangokhala momasuka, koma m'tating'onoting'ono amamatirira kumakoma a kerogen ndi dongo, ndipo amachokako pokhapokha mphamvu yomupanikiza pansipo itatsika.

Mwala wa mchenga wothinana, monga wa ku Sulige m'chigwa cha Ordos ku China, vuto lake ndi lina. Malo osunga gasi alipo, koma tinjira tolumikiza timabowo tinatsekeka ndi quartz (mwala wolimba wopezeka mu mchenga) ndi dongo, moti gasi amakhala ngati chimanga cha m'nkhokwe yopanda khomo.

Pamene mitima ya anthu inagunda kwambiri ndi pa ziwerengero za Karoo. Mu 2013 bungwe la boma la America loona za mphamvu, la EIA, linayerekeza kuti chigwachi chingatulutse gasi wokwana ma cubic feet 390 thililiyoni. Mu 2017 ofufuza otsogozedwa ndi Michiel de Kock wa ku University of Johannesburg, atayeza miyala yokumbidwa pansi, anapeza kuti chiwerengero choyandikira zoona ndi 13 thililiyoni. China mwa zifukwa zake ndi chiphalaphala cha mwala wosungunuka wotchedwa dolerite chimene chinalowerera m'matanthwewo zaka pafupifupi 183 miliyoni zapitazo, n'kuwotcha shale mopitirira muyeso mpaka gasi wambiri anathawa. Kunena zoona, kusiyana kumeneku kunandikhudza, chifukwa ndinaona mmene dziko lingayembekezere chuma chimene palibe amene anachiyeza.

Izi zikutikhudza ifenso, popeza miyala ya mtundu wa Karoo ilipo kwathu: ku Livingstonia kumene kuli mgodi wa malasha wa Mchenga, ku Ngana ndi ku North Rukuru m'boma la Karonga, komanso ku Lengwe ndi Mwabvi m'chigwa cha Shire. Choncho ndikupempha kuti gulu lathu lilembe kalata ku Dipatimenti ya Geological Survey ku Zomba, kupempha chilolezo choona zidutswa za miyala yokumbidwa m'madera amenewa. Tiyambe ndi kuyeza kuchuluka kwa kaboni wa zamoyo ndiponso kutentha kumene miyalayo inadutsamo, ndipo zidutswa zokhazo zimene zapereka chiyembekezo ndi zimene tidzatumize kunja kukayezedwa timabowo ndi nayitirojeni ndi mercury. Ndikupempha kuti mfundoyi iikidwe pa ndondomeko ya zokambirana za mkumano wathu wotsatira.