Kalata kwa mwana wanga wothira mankhwala a jekiseni m'mabotolo

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Cape Town kumeneko. Kuno tilipo, bambo ako akupereka moni.

Nkhani ija unandiuza pa foni, yoti unapeza kabowo pa gulovu ya isolator, bokosi lagalasi lotsekeka lija mumathiriramo mankhwala m'mabotolo, ntchito n'kuima, anzako ena n'kumakuyang'ana ndi diso lofiira, sikuchoka m'mutu mwanga. Unachita bwino kunena. Ukadzapezanso kena, udzanenenso.

Ine ndabaya anthu jekiseni zaka zambiri. Mankhwala akumwa amakumana ndi asidi wa m'mimba, koma a jekiseni amangolowa m'mnofu kapena m'magazi popanda chowatchinga. Namwino amakweza kabotolo, kukayang'ana powala, akaona kuti madzi ake ndi oyera amabaya. Tizilombo sangatione. Amakhala akudalira iwe amene unali pomwepo kabotoloko kasanatsekedwe.

Bokosi lagalasilo anakuikirani chifukwa m'chipinda chaukhondo chotero, amene amabweretsa tizilombo kwambiri ndi munthu: timamba ta pakhungu, tsitsi, mpweya wa m'kamwa. M'katimo amafukizamo mankhwala opha tizilombo otchedwa hydrogen peroxide ntchito isanayambe, ndipo mpweya umalowa utasefedwa ndi sefa yogwira fumbi ndi tizilombo yotchedwa HEPA. Pamene munthu amayandikira mankhwala ndi pa magulovu aatali omangirira kugalasi aja basi. Kabowo kongolowa nsonga ya singano n'kokwanira kuwononga zonse. N'chifukwa chake malamulo a ku Ulaya a kapangidwe ka mankhwala opanda tizilombo, otchedwa Annex 1, omwe anakonzedwanso n'kuyamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2023, amati magulovu amenewa aziyesedwa poyamba ndi pomaliza pa batch, kapena kuti gulu la mabotolo othiridwa ulendo umodzi, osangowayang'ana ndi maso.

Mu 2012 ku America, kampani ina ya ku Massachusetts inatumiza m'zipatala jekiseni wa ululu wa msana wokhala ndi chuku. Anthu oposa 750 anadwala, 64 anamwalira. Amenewo anapita kuchipatala ndi msana wokha, mwanangu.

Tsono zikhadabo zizikhala zazifupi, mphete uzivula. Manja m'magulovu uziyendetsa pang'onopang'ono, ndipo usadutsitse dzanja pamwamba pa kabotolo kotsegula, chifukwa umatchinga mpweya woyera umene umayenera kufika pakamwa pake. Akakusamutsira ku makina a RABS, omwenso amatchinga mankhwala ndi galasi ndi magulovu koma ali ndi chitseko chotseguka, chitsekocho usamatsegule pofuna kufulumira. Kabotolo kakagwa, kachotse ndi gulovu ndi chopanira. Chilichonse wachita ulembe nthawi yomweyo, ngakhale abwana atakwinya nkhope.

Undiimbire Lamlungu tikatuluka ku tchalitchi, undiuze zimene a labu apeza pa batch ija.

Ndine mayi ako.