Bondo langa mulibe m'mabuku anu: kalata yotseguka kwa Mkulu wa Federal Railroad Administration

Bwana Mkulu,

Chaka ndi chaka ofesi yanu imatulutsa chiwerengero cha anthu ovulala pa ntchito za njanji muno mu America. Bondo langa mulibe m'chiwerengerocho, ndipo si langa lokha.

Ndinavulala usiku, mvula itangokata, tikulumikiza mabogi. Potsika pa makwerero a bogi, phazi linatera pa miyala yonyowa ndi mafuta, bondo n'kupotokola. Kapitawo ananditengera kuchipatala pa galimoto yake. Ine ndinkati ndi chifundo. Titafika analowa nane m'chipinda cha dokotala, chipewa chili m'manja, n'kuyamba kufunsa mwaulemu ngati mapilitsi wamba ogula m'sitolo sangakwanire. Ndinadzazindikira mochedwa: dokotala akangolemba mankhwala amphamvu, kapena akati munthu apume kaye, kuvulalako kumayenera kulowa mu lipoti lobwera kwa inu. Ndinatuluka ndi mapilitsi a mutu. M'mawa mwake ndinali pa ntchito, ndikutsimphina.

Kapitawo uja si munthu woipa mtima. Gwero la khalidwe lake lili m'malamulo. Wogwira ntchito m'fakitale akavulala, inshuwalansi imamupatsa chipukuta misozi popanda kufunsa kuti walakwa ndani. Ife a njanji sitili m'gulu limenelo. Tili pansi pa Federal Employers' Liability Act, lamulo la 1908, lomwe linabwera nthawi imene sitima zinkadula anthu zala ndi miyendo ngati chinthu chozolowereka. Lamuloli limati wovulala asonyeze kuti kampani inalekerera penapake. Likapezekanso vuto kwa iye mwini, ndalama zimadulidwa molingana ndi kulakwa kwakeko. Ali ndi zaka zitatu zokha zoti akasume.

Musamve ngati ndikufuna lamuloli lichoke, ayi. Lili ndi ubwino wake. Mu 1957, pa mlandu wa Rogers ndi kampani ya njanji ya Missouri Pacific, Khoti Lalikulu linagamula kuti kulekerera kwa kampani, ngakhale kuchepe chotani, kukakhala ndi mbali pa ngozi n'kokwanira. Wopambana mlandu amalipidwanso chifukwa cha ululu umene wamva, zomwe inshuwalansi ya m'mafakitale siiwerengera. Koma taonani chimene chimachitika munthu akangogwa pansi: iye ndi abwana ake asanduka adani a kukhoti magazi asanaume. Makampani akuluakulu amalipira milandu yambiri yotere kuchokera m'thumba mwawo, pomwe ang'onoang'ono amaopa kuti a inshuwalansi awakwezera mtengo. Ndiye funso loyamba silikhala lakuti mafuta aja anatayikira bwanji pamenepo. Limakhala lakuti wovulalayu waphwanya lamulo liti la kampani. Buku la malamulowo ndi lonenepa, Bwana, ndipo wofuna kukupezera chifukwa sagona ndi njala.

Ndikudziwa kuti mudzandikumbutsa zoti chitetezo chilipo. Kuyambira 2007 wochitiridwa nkhanza chifukwa choulula ngozi akhoza kukadandaula ku OSHA, bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito, pasanathe masiku 180, ndipo mu 2008 anawonjezera zoletsa mabwana kulowerera pa chithandizo cha kuchipatala. N'zoona. Koma dandaulo limayenda pang'onopang'ono, pamene lendi ya nyumba imabwera mwezi ndi mwezi. Munthu wa ana amawerengera zimenezi n'kutseka pakamwa.

Paja amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ife tinavomera kugwira ntchito pakati pa zitsulo zolemera, usiku ndi usana, mpaka maola 12 amene lamulo limalola. Chimene sitinavomere n'kubisa zimene maso athu aona.

Ndiye pempho langa ndi ili. Muli kale ndi ndondomeko ya C3RS, imene wantchito amafotokozera za ngozi yomwe yangotsala pang'ono kuchitika, lipotilo n'kupita ku NASA, bungwe la boma la za m'mlengalenga, dzina lake n'kufufutidwa. Sitima ya katundu itagwa ku East Palestine, Ohio, pa 3 February 2023, makampani akuluakulu analonjeza kuti alowamo. Kulonjeza kunali kwachangu, kulowa kwake kwakhala kozengereza. Ndondomekoyi isakhalenso ya wofuna. Ikhale lamulo kwa kampani iliyonse yoyendetsa sitima, ndipo woulula asalangidwe pa zimene waulula. Munakwanitsa mu 2024 kuika lamulo loti sitima zambiri ziziyenda ndi antchito osachepera awiri, makampani akukana. Ichinso mungathe.

Chinanso, oyendera anu akabwera asamangothera mu ofesi kuwerenga mafailo omwe akonzedwa kale. Atsike kumabogi nthawi ya usiku, alankhule nafe kapitawo palibe. Afunse kuti ndi angati amene anaperekezedwa mpaka m'chipinda cha dokotala, ndi angati anaitanidwa kukayankha mlandu sabata yomweyo imene ananena kuti avulala.

Zaka zitatu zanga zinatha kale, choncho palibe chimene ndikupemphera thumba langa. Bondo limandikumbutsa lokha kukamazizira. Koma malo aja ndinadutsapo sabata yatha, ndipo mafuta akadali pomwepo.

Ine wanu,
Kondakitala wa sitima za katundu