Sikelo isamaweruze m'malo mwa woweruza

A Mkonzi,

Anthu ambiri akamva kuti wina wagamulidwa zaka zakutizakuti ku America pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo, amaganiza kuti woweruza ndiye wasankha zakazo. M'makhoti a boma lalikulu la dzikolo, chilango chimakhala chitadziwika kale mankhwalawo akangoikidwa pasikelo, ndipo ine ndikuona kuti apa ndi pomwe chilungamo chimapindikira.

Ndondomeko zoperekera chilango zinayamba kugwira ntchito mu 1987. Mlandu umapatsidwa mlingo, kuyambira 1 mpaka 43, ndipo wolakwayo amaikidwa mu limodzi mwa magulu 6 malinga ndi milandu yake yakale. Pomwe ziwirizi zakumana pa tchati ndi pomwe palembedwa miyezi yokhala kundende. Munthu wopezeka ndi magalamu 500 a kokeni wa ufa, woti akagulitsidwe, amayambira pa mlingo 24. Ngati alibe mlandu wakale, imeneyo ndi miyezi 51 mpaka 63. Atapezeka ndi mfuti, mlingo umakwera ndi 2, miyezi n'kukhala 63 mpaka 78. Akavomera mlandu msanga amatsitsiridwa ndi 3.

Koma pamwamba pa tchati pali lamulo la mu 1986 loika chilango chomwe woweruza sangatsike kupitirira pamenepo. Magalamu 500 omwewo ndi zaka 5, makilogalamu 5 ndi zaka 10. Mu 2005, pa mlandu wa Booker, Khoti Lalikulu linagamula kuti tchati ndi chongolangiza, koma zaka zokakamizazi zinatsala momwemo. Mpata wopewa zaka zimenezi ulipo kwa wopanda mbiri yoipa, amene sanagwiritse ntchito chida ndiponso waulula zonse, koma ndi wopapatiza.

Chimene chimaiwalika n'choti sikelo imayeza zonse, mankhwala pamodzi ndi ufa wina umene ogulitsa amasakanizamo kuti katundu achuluke. Mu 1991 khoti lomwelo linavomereza kuti ngakhale pepala limene amadonthezerapo mankhwala ozunguza bongo a LSD liziwerengedwa pa kulemera kwake. Ndiye katundu wosungunulidwa kwambiri, amene amapezeka ndi anthu a pansi, amatha kubweretsa chilango chofanana ndi cha katundu weniweni wa mabwana.

Chinanso, njira yodalirika yochepetsera chilango ndi kuthandiza boma kugwira ena, ndipo pempho lotere amapereka ndi loya wa boma yekha. Mwini malonda ali ndi mayina oti atchule. Wongotumidwa kunyamula chikwama, amene sadziwa n'komwe dzina lenileni la womutuma, alibe chopereka. Mapeto ake wamng'ono amatha kukhalitsa kundende kuposa amene anamulemba ganyu. Zimenezi zimandipweteka mtima.

Tisanene kuti manambala sangasinthidwe. Lamulo la mu 1986 linkalanga magalamu 5 a crack, kokeni wa timiyala tosuta, mofanana ndi magalamu 500 a kokeni wa ufa, ndipo amene anavutika kwambiri anali anthu akuda. Mu 2010 malire aja a crack anakwezedwa kufika pa magalamu 28, kenako lamulo la First Step Act la mu 2018 linalola amene anagamulidwa kale kupempha kuti zilango zawo ziunikidwenso. Aphungu a dzikolo achitenso chimodzimodzi pa nkhani ya kulemera: mlingo uziyambira pa udindo umene munthu anali nawo pa malondawo, magalamu azibwera pambuyo.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzi yanu