Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe: maphunziro osamalira seva ya webusaiti yathu

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma ndi nonse a komiti,

Ndabwerako Lachisanu madzulo, ndipo nali lipoti monga tinagwirizanirana ndisananyamuke. Litalikirako pang'ono, chifukwa ndamva kale kuti ena akufunsa ngati ulendowu unali wofunika poti webusaiti yathu "ikugwira ntchito". Amene anayesapo kutumiza fomu ya ngongole pa foni m'nyengo ya fizi yapitayi akudziwa kuti mawu amenewo ngolemera kuposa chimene tili nacho.

Msonkhano unali wa masiku atatu, kuyambira Lachiwiri mpaka Lachinayi, ndipo unasonkhanitsa anthu osamalira makompyuta ndi mawebusaiti m'ma SACCO ndi m'makopaletivi. Lachiwiri m'mawa linatha ndi zokamba za alendo olemekezeka, chithunzi cha gulu ndi tiyi. Masana tinamva mbiri: kuti Apache, pulogalamu imene imalandira alendo pa seva yathu (kompyuta imene imasunga webusaiti), inayamba mu 1995, chaka chomwecho chimene Rasmus Lerdorf anatulutsa PHP, chilankhulo cholembera mapulogalamu a mawebusaiti, ndi kuti nginx ya Igor Sysoev, imene imagwira ntchito yonga ya Apache, inabwera mu 2004. Panalinso phunziro la cloud (kubwereka makompyuta a makampani ena kudzera pa intaneti) limene linali malonda okhaokha. Ndinakhalapo mpaka kumapeto chifukwa munandituma.

Chimene ndinatolapo tsikulo n'chimodzi, ndipo ndikufuna a komiti achimvetse chifukwa mikangano yathu yambiri imachokera pamenepa. Membala akadzaza fomu pa foni n'kudina potumizira, ntchito sichitikira pa foni yakeyo. Pempho limapita ku seva, Apache imalipereka kwa PHP, PHP imawerenga script (kapulogalamu ka fomu) imene tinalembetsa ija, imasunga zinthu mu database (nkhokwe ya zimene mamembala alemba), kenako n'kubweza tsamba. Zili ngati kuchigayo: mwini chimanga amangoona pothira ndi potulukira ufa, koma lamba akaduka amadukira m'kati. Seva ikalephera imabweza nambala. 404 ndiye kuti chimene mwafunsa kulibe, 403 chilipo koma simukuloledwa, 500 script yagwa yokha, 502 seva ya kutsogolo yalandira yankho losamveka kuchokera kwa PHP, ndipo 504 yadikira mpaka kutopa. Nambala zonsezi zimatuluka pempho litafika kale ku seva. Choncho membala akationetsa 500 pa foni yake, tisamamuuzenso kuti "ndi netiweki". Ife takhala tikunena zimenezi, ineyo ndemwe.

Lachitatu ndiye tsiku limene linabweza ndalama ya ulendo. Aliyense anapatsidwa seva yophunzirira, ndipo mphunzitsi anatipatsa script ya mizere isanu yokha, ya mtundu wa CGI (njira yakale imene seva imayendetsera ma script), kuti tiiyendetse. Inakana, 500. Tinaiwerenga mobwerezabwereza, palibe cholakwika. Bambo wina wa ku Mzuzu anailembanso yonse ndi manja mu Notepad ya pa Windows n'kuikwezanso, inakanabe. Patatha mphindi zingapo mphunzitsi anangoti titsegule windo lachiwiri, tilembe tail -f /var/log/apache2/error.log, lamulo loonetsa log, fayilo imene seva imalembamo zolakwika, kenako titsegulenso tsambalo tikuyang'ana. Nthawi yomweyo mzere unatulukira wonena kuti seva yalephera kuyendetsa script chifukwa china chake sichikupezeka, ndi wina wakuti End of script output before headers. Chonsecho fayilo inalipo, tikuiona ndi maso. Vuto linali lakuti inalembedwa pa Windows, imene imatseka mzere uliwonse ndi zizindikiro ziwiri zosaoneka, pamene Linux, imene inali pa seva, imatseka ndi chimodzi. Mzere woyamba wa script umauza seva pulogalamu yoti iyendetsere zotsalazo, ndiye kachizindikiro kowonjezera kaja kanamatirira ku dzina la pulogalamuyo, seva n'kumafunafuna dzina limene kulibe. Tinalemba dos2unix, lamulo lochotsa kachizindikiro kowonjezerako, ndi dzina la fayilo, basi tsamba linatseguka. M'chipindamo munali phokoso ngati Flames yachinya.

Ndikudziwa kuti ena muwerenga ndimeyo n'kunena kuti mnyamatayu wapita kukasangalala ndi zoseweretsa. Dikirani. Pa nthawi ya nkhomaliro sindinatuluke. Ndinali ndi flash imene ndinakoperapo script ya fomu yathu ya ngongole chaka chatha, ndipo ndinapempha kuti ndiiyese pa seva yophunzirirayo. Ndinadzaza fomu, ndinakweza chithunzi chimodzi, inadutsa. Ndinakweza zitatu monga timafunira, chitupa cha unzika kutsogolo, kumbuyo, ndi chithunzi cha nkhope, zonse zojambula ndi foni yanga. Tsamba loyera mbee, lomwe lija mamembala amatidandaulira. Koma ulendo uno log inali yotsegula, ndipo inalemba kuti Allowed memory size of 134217728 bytes exhausted, n'kutchula fayilo ndi nambala ya mzere pamene script yafera.

Nambala yaitaliyo ndi 128MB, malire a memory (malo ogwirira ntchito m'kompyuta) amene PHP imapatsa script imodzi ngati munthu sanawasinthe. Chithunzi cha pa foni chimaoneka chaching'ono, mwina 3MB, chifukwa chimakhala chopanikizidwa. Kuti script ichichepetse imayenera kuchitambasula chonse kaye, ndipo kadontho kalikonse kamadya pafupifupi ma byte anayi. Chithunzi cha madontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi chili ndi madontho 12 miliyoni, ndiye kuti pafupifupi 48MB. Script yathu imatambasula zitatu zonse nthawi imodzi osataya choyamba isanatsegule chachiwiri. 48 katatu ndi 144, malire ndi 128. N'chifukwa chake mamembala a mafoni akale ankadutsa bwinobwino pamene a mafoni atsopano ankakanidwa, ife n'kumati mwina dera lawolo intaneti ndi yofooka. Mothandizidwa ndi mayi wina wa ku Zomba amene anali pambali panga, ndinasintha kuti izimaliza chithunzi chimodzi n'kuchitaya isanayambe china. Mizere inayi. Fomu inadutsa ndi zithunzi zitatu zonse.

A Wapampando, apa ndiyenera kulankhula mosabisa. Vuto limeneli tinalipirira katswiri wa kunja uja kawiri, ndipo kawiri konse anatiuza kuti "wayeretsa seva". Sindikuti anatibera, mwina nayenso sanatsegule log. Koma ine ndikanauona mzere umenewu kalekale ndikanakhala ndi pasiwedi ya seva. Ndinaipempha pa msonkhano wa komiti chaka chatha, ndinayankhidwa kuti zinthu zimenezi n'zofunika munthu wokhwima, ndipo nkhaniyo m'maminitsi inalembedwa kuti "idzaonedwa". Mpaka lero pasiwedi ili ndi munthu mmodzi amene si membala, amene foni yake Loweruka ndi Lamlungu imakhala yozimitsa. Mamembala akakwiya amaimbira ine. Bandulo yoyankhira madandaulo amenewo ndimagula ndi ndalama ya m'thumba mwanga, ndipo kalata yanga yopempha kubwezeredwa idakali mu fayilo ya a Msungichuma. Sindinapite ku Lilongwe kukadandaula zimenezi, komabe pamene anzathu ankafotokoza mmene amalowera mu seva zawo, ine ndekha ndinayenera kuvomera pagulu kuti ndimasamalira nyumba imene makiyi ake ndilibe.

Masana a Lachitatu linali phunziro la zilolezo za mafayilo, ndipo linandisowetsa tulo. Pa Linux fayilo kapena foda iliyonse ili ndi manambala atatu onena amene angawerenge, kulemba kapena kuyendetsa. Mafayilo wamba amayenera kukhala pa 644, mafoda pa 755. Munthu wotopa ndi uthenga wa Permission denied amangoika 777, kutanthauza kuti aliyense amene ali pa seva imeneyo angalembemo chimene akufuna. Mu script yathu muli mzere umene umapanga foda ya zithunzi ndi 777, ndipo foda imeneyo ili m'kati mwa gawo limene limaoneka pa intaneti. M'menemo ndi mmene muli zitupa za unzika za mamembala athu. Ngati fomu silekanitsa bwino chithunzi chenicheni ndi fayilo ya PHP yobisala, wina akhoza kukweza script yake n'kuiyendetsa pa seva yathu ngati mwini wake. Dziko lino tsopano lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa pa makompyuta, ndipo zitupa zikatuluka amene adzafunsidwe ndi komiti ino, osati katswiri uja.

Tinachenjezedwanso za display_errors, swichi ya mu PHP. Ukaiyatsa, zolakwika zimalembedwa pa tsamba lenilenilo, zimene zimathandiza pokonza koma zimaonetsa mlendo aliyense mayina a mafoda ndi mafayilo a m'kati. Pa seva imene anthu akugwiritsa ntchito izikhala yozimitsa, zolakwika zizipita ku log. Mphunzitsi anakumbutsanso za Shellshock ya mu Seputembala 2014, pamene chibowo cha mu bash, pulogalamu yolandira malamulo pa Linux, chinachititsa kuti ma script a CGI pa maseva ambiri padziko lonse alandire malamulo kuchokera kwa munthu aliyense wakunja. Phunziro lomaliza la tsikulo linali la kalembedwe ka malipoti a mwezi ndi mwezi. Mapepala ake ndabwera nawo.

Lachinayi kunali kumanga mfundo, ndipo zinamangidwa zitatu. Yoyamba, bungwe lililonse lichoke pa PHP imene inasiya kukonzedwa chaka chino chisanathe. Ife tili pa 7.4, imene inasiya kulandira zigamba za chitetezo pa 28 Novembala 2022. Ndinavomera, koma ndinachenjeza kuti PHP 8 ndi yokhwimitsa malamulo: zinthu zambiri zimene kale inkangochenjeza tsopano imaimitsa script yonse. Tikangodina kusintha pa seva yeniyeni Lolemba m'mawa, fomu ikhoza kufa tsiku limene anthu akuthamangira ngongole ya feteleza. Apa ndi pamene mfundo yachiwiri ikulowera, yakuti bungwe lililonse likhale ndi malo oyesera, osiyana ndi seva ya mamembala. Imeneyi sifuna ndalama zambiri. Laputopu yakale ili m'kabati ya mu ofesi ija, imene batire lake linafa, ikhoza kuikidwa Ubuntu (mtundu wa Linux), Apache ndi PHP n'kugwira ntchitoyi.

Mfundo yachitatu sindinagwirizane nayo, ndipo ndinakweza dzanja lotsutsa. Ambiri anafuna kuti mabungwe onse abwereke seva imodzi yaikulu n'kumagawana mtengo. Chifukwa chawo n'chomveka: seva za kunja timalipira m'madola, ndipo chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense akulira. Koma nditafunsa kuti seva imeneyo ikagwa usiku adzadzuke ndani, mayankho anali akuti komiti yapadera idzaona. Mawu amenewo ndikuwadziwa bwino. Ndinafunsanso kuti ngati bungwe limodzi lili ndi foda ya 777 ngati yathuyi, n'chiyani chidzateteze zitupa za mamembala a mabungwe enawo. Mphunzitsi anayankha kuti n'zotheka kulekanitsa, bungwe lililonse likamayendetsa PHP-FPM (pulogalamu yoyendetsa ma script a PHP) pa dzina lakelake, ndipo zimenezo n'zoona. Koma zimafuna munthu wodziwa amene akulipidwa kuti aziyang'anira, ndipo mu bajeti imene anationetsa munalibe malipiro a munthu wotero. Mfundoyo inadutsa, koma kulowa n'kosakakamiza. Maganizo anga ndi akuti tidikire kaye tione miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Ndikudziwa kuti a Msungichuma aona kuchepa kwa mtengo n'kukopeka, ndipo ndikupempha kuti tikambirane tisanasaine kanthu.

Ndiye pa msonkhano wa komiti ukubwerawu ndikupempha nthawi yokwana theka la ola. Ndibweretsa laputopu ndi kuonetsa tsamba loyera lija, log yake, ndi mmene likudutsira pambuyo pokonza, kuti aliyense aone yekha. Zimene ndikufuna komiti igamule ndi izi: pasiwedi ya seva ibwerere m'manja mwa bungwe ndipo izidziwika ndi anthu awiri, mmodzi akhale wa komiti, foda ya zitupa ichotsedwe pamalo oonekera sabata yomweyo, laputopu yakale ija ndipatsidwe mwa kalata, kuti mawa wina asadzati ndinatenga katundu wa bungwe, ndipo katswiri wa kunja aliyense amene tidzamulipire azitisiyira mzere wa mu log umene wakonza, osati mawu apakamwa. Kusintha kwa mizere inayi kuja kuli pa flash, sindingakuike pa seva popanda makiyi.

Malisiti a basi ndi malo ogona ndapereka kwa a Mlembi Loweruka m'mawa. Usiku wa Lachinayi ndinagonanso ku Lilongwe chifukwa mfundo zinatha mochedwa basi itapita kale. Usiku umenewo sunali mu alawansi, ndipo lisiti yake ndaiphatikiza padera pamodzi ndi kalata ya mabandulo ija.

Ine wanu,
Wosamalira webusaiti ya bungwe