Mwaombera m'manja kugulitsidwa kwa Indian, nanga za masipeya afunse ndani?

Akonzi,

Ndalemba kalatayi nditakhumudwa ndi kankhani komwe munaika pa tsamba la zamalonda kokhudza njinga zamoto za Indian za ku America. Munanena zoona kuti mu Okutobala 2025 kampani ya Polaris inalengeza zogulitsa masheya ochuluka a Indian Motorcycle ku kampani ya Carolwood ya ku Los Angeles, koma mtolankhani wanu anailemba nkhaniyo ngati akulengeza mvula yoyamba, kuti poti kwabwera eni ndalama ndiye kuti zonse ziyenda bwino. M'ndime zonse sanafunse funso lomwe munthu aliyense amene anasungapo njinga yamoto amayamba kufunsa akamva kuti kampani yasintha eni ake: kodi masipeya azipezekabe, ndipo pepala la walanti lomwe wogula ali nalo m'thumba azililemekeza ndani?

Ndikudziwa kuti kuno ku Lizulu palibe Indian yomwe imanyamula matumba a mbatatesi ndi kabichi kuchokera ku Tsangano. Koma funsoli ndi langa ndithu, chifukwa ndili ndi njinga ziwiri za kabaza, ndipo imodzi yatha masabata asanu itaimikidwa kuseri kwa nyumba nkhuku zikugonapo. Ndinaigula pa sitolo ina ku Lilongwe ndi ngongole ya ku banki m'khonde, anandipatsa lisiti ndi pepala lonena kuti ikaonongeka miyezi isanu ndi umodzi isanakwane adzaikonza ulere. Mwezi wachinayi giya inayamba kukukuta, makaniko wathu atamasula anapeza kachitsulo kamodzi katatha mano. Ndinakwera minibasi ndi ndalama zanga, ndinapeza chikwangwani chomwecho, penti yomweyo pakhoma, ngakhale mnyamata yemweyo amene anandigulitsa, koma nditatulutsa pepala lija anandiyankha kuti, "Bambo, pepalali ndi la eni akale, atsopanowa akubweretsa mtundu wina." Kachitsuloko ndakasaka ku Dedza, ku Ntcheu pa boma mpaka ku Balaka, ndipo aliyense amandisonyeza kofanana nako koma kosalowa. Mnyamata amene ankayendetsa njingayo ali ndi mkazi ndi mwana wakhanda, tageti yomwe ankabweretsa madzulo inatha, koma anzanga a ku banki m'khonde akufuna ndalama yawo sabata iliyonse, ndipo akulondola. Tsono munthu ngati ine ndikawerenga m'nyuzi yanu kuti kusintha kwa eni kampani ndi nkhani yokoma yokhayokha, mtima umandiwawa.

Chomwe mtolankhani wanu anayenera kufotokozera awerengi ndi mtundu wa kampani yomwe yagulayo. Carolwood sipanga njinga zamoto. Ili m'gulu la makampani omwe a zachuma amawatchula kuti private equity, ndipo ntchito ya makampani otere ndi kusonkhanitsa ndalama kwa anthu olemera ndi mabungwe akuluakulu, kugula kampani ina, kudula zomwe akuona kuti zikudya ndalama, kenako n'kuigulitsa patapita zaka zingapo pa mtengo wokwera. Kawirikawiri amagula ndi ngongole, ndipo ngongoleyo imasenzetsedwa kampani yomwe yagulidwayo. Ife alimi timawadziwa anthu otere, chifukwa venda amene amabwera ndi sikelo nthawi yokolola cholinga chake si kudya chimangacho kapena kusamala munda womwe chachokera, iye amawerengera za mtengo wa mu Febuluwale. Sindikunena kuti malonda otere ndi umbava, ayi. Ndikunena kuti munthu wowerengera tsiku logulitsa akalowa m'nyumba yosungira katundu n'kuona mashelefu odzaza masipeya a njinga zomwe zinapangidwa zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, amaona ndalama zomwe zangogona, pomwe mwini njinga amaona chakudya cha ana ake.

Mbiri ya malonda amenewa inalembedwa, ndipo nyuzi yaikulu ngati yanu sinayenere kuidumpha. Ducati, kampani ya njinga zamoto ya ku Italy, inagulidwa ndi kampani ya private equity ya Texas Pacific Group mu 1996, patatha zaka pafupifupi khumi inapita m'manja mwa inzake ya mtundu womwewo ya Investindustrial, ndipo mu 2012 inagulitsidwanso ku kampani ya magalimoto ya Audi. Ducati sinafe, zimenezo ndikuvomereza, koma taonani kuti onse awiri oyambawo anagula kuti adzagulitse, ndipo anagulitsadi. Indian yomwe mukuikondwererayi inayamba mu 1901 ku Springfield, fakitale yake inatsekedwa mu 1953, ndipo dzina lake linayendayenda m'manja mwa anthu osiyanasiyana kufikira pomwe Polaris inaligula mu 2011. Kodi amene anagula njinga kwa eni onse apakatiwo ankapita kwa yani zikawavuta? Polaris yomweyi itasiya kupanga njinga za Victory mu 2017 inalonjeza poyera kuti ipitiriza kupereka masipeya kwa zaka 10. Limenelo ndiye lonjezo lomwe mtolankhani wakhama akanalisaka m'nkhani ya Carolwood, n'kutiuza ngati lilipo.

Ndipo vutoli kuno kwathu ndi lalikulu kuposa la ku America, chifukwa kumeneko wogula ali ndi maloya ndi mabungwe a eni njinga omulankhulira. Kuno aliyense amene wapeza ndalama zakunja amaitanitsa kontena ya njinga za dzina lomwe sitinalimvepo, amagulitsa zonse m'miyezi itatu, chaka chamawa wabwera ndi dzina lina. Masipeya enieni akasowa, makaniko amasula njinga yakufa n'kuika m'yamoyo, kapena timagula mabuleki otchipa opanda dzina omwe amatha sabata ziwiri. Anyamata athu akutsetsereka ndi zimenezo pa msewu wa M1 atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo, malole akudutsa m'mbali mwawo. Ngozi ikachitika aliyense amaloza chala wakabaza kuti alibe laisensi, alibe chipewa, ndi woledzera, ndipo nthawi zina n'zoona, koma sindinamvepo wina akufunsa kuti mabuleki aja analowa bwanji m'dziko muno ndipo anawagulitsa ndani.

Pempho langa likupita ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe lili ndi mphamvu zounika kugulana kwa makampani ndi kuteteza ogula, komanso ku Malawi Bureau of Standards ndi unduna wa zamalonda. Asalole sitolo kapena kampani yogulitsa njinga zamoto kusintha eni ake popanda ogulawo kusaina kuti atenga walanti yonse yomwe eni akale anapereka, ndipo aliyense woitanitsa mtundu wa njinga akakamizidwe kusunga masipeya ake kwa zaka zosachepera zisanu. Aphungu athu a ku Ntcheu ndi ku Dedza, omwe nthawi ya kampeni amadalira anyamata a kabaza kuwaperekeza ku misonkhano, akainene nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo. Inunso akonzi tumizani mtolankhani wanu uja pa siteji ya Lizulu tsiku la msika kuti adzawerenge njinga zomwe zaima chifukwa cha kachitsulo kamodzi. Akafika adzafunse njinga yomwe ili kuseri kwa nyumba, ndidzamuonetsa pamodzi ndi pepala lake la walanti.

Mwini njinga za kabaza,
Lizulu, Ntcheu