Lamulo la zinsinsi za boma la mu 1913 liunikidwenso

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa za lamulo losunga zinsinsi za boma, la Official Secrets Act, lomwe atsamunda adatisiyira. Lamuloli lidakhazikitsidwa mu 1913, dziko lino likadali Nyasaland, nthawi yomwe mwini nthaka sankayenera kudziwa zomwe azungu akukambirana ku Zomba. Tidalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, tidasankha ulamuliro wa zipani zambiri mu 1993, koma mantha omwe lamuloli lidadzala m'maofesi a boma sadazulidwe mpaka lero.

Gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza uthenga womwe boma likusunga. Atolankhani, kudzera ku bungwe lawo la MISA Malawi, pamodzi ndi mabungwe ena adalimbana kwa zaka zoposa khumi kuti pakhale lamulo lothandiza anthu kugwiritsa ntchito ufuluwu. Nyumba ya Malamulo idalivomereza mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika adalisaina mu 2017, koma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission ndilo lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Ambirife tidaganiza kuti zitseko zatseguka.

Ine ndili m'komiti ya sukulu ina ya pulayimale kunja kwa mzinda uno. Chipinda chophunziriramo chomwe adayamba kutimangira chidalekera m'mawindo, mpaka udzu wamera m'kati, pomwe ana a Sitandade 2 akuphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Makolo adandituma kuti ndikafunse ndalama zomwe zidaperekedwa ndi dzina la kontilakitala. Ndidapita ndi kalata ku ofesi yoyenera. Kalaliki yemwe ndidamupeza adandilandira mwaulemu, nandipatsa mpando, ndipo fayilo yake inali pomwepo patebulo. Adaikapo dzanja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo, ine ndidalumbira kusunga chinsinsi. Ndikakuonetsani, ana anga adya chiyani?" Sindidamukwiyire bamboyo. Iye akuona malamulo awiri, lina lomuuza kuti apereke, lina lomuopseza ndi ndende, ndipo munthu wapabanja amamvera lomwe lingamuchotsere nsima pakamwa.

Sindikunena kuti boma lisakhale ndi zinsinsi. Mapulani a asilikali, kafukufuku wa apolisi yemwe sadathe, ngakhalenso matenda a munthu olembedwa kuchipatala, zonsezi n'zoyenera kubisidwa, ndipo lamulo latsopanoli lidaziteteza kale. Koma mtengo wa matumba a simenti pasukulu ya kumudzi ungaopseze bwanji chitetezo cha dziko?

Anthu a mu Lilongwe sitidaiwale za Cashgate mu 2013, pomwe ndalama zankhaninkhani zidatuluka ku Capital Hill kupita kwa makampani omwe sadagwire ntchito iliyonse, zipatala zili gwa kusowa mankhwala. Ndikhulupirira kuti padali antchito a boma oona mtima omwe ankaona zikuchitika, koma adasunga pakamwa poopa lumbiro lomweli. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate womwe akuba a m'boma amakhalapo ndi chidindo cholembedwa kuti chinsinsi.

Pempho langa kwa aphungu athu ndi bungwe lounika malamulo la Law Commission ndi lakuti lamulo la mu 1913 liunikidwenso, zigawo zake zotsutsana ndi gawo 37 zichotsedwe, ndipo zilembedwe momveka kuti wantchito wa boma wopereka uthenga motsatira lamulo, kapena woulula zakuba, sadzachotsedwa ntchito kapena kumangidwa. Ndipemphanso mafumu, amipingo ndi makomiti a zitukuko kuti nkhaniyi tisawasiyire atolankhani okha, chifukwa misonkho yomwe ikubisidwayo timadula tonse, ngakhale pogula sopo.

Ife a komiti tagwirizana zokatula dandaulo lathu ku Malawi Human Rights Commission mwezi uno, mvula isanayambe, popeza ikangogwa anawo sadzakhalanso ndi pophunzirira.

Kholo lokhudzidwa,
Lilongwe